Mafunso ndi mayankho: electronegativity ndi polarity ya mabondi a kaboni ndi ma halogen

Mutu wa ma haloalkane, mamolekyulu amene kaboni wagwirana ndi fulorini, kolorini, buromini kapena ayodini, umayenda bwino mpaka tsiku lomwe wophunzira wafunsidwa kuti mwa mabondi anayiwa, imathyoka msanga ndi iti. Apa ambiri amapunthwa, chifukwa amaphatikiza zinthu ziwiri zosiyana: mbali imene maelekitironi apendekera, ndi kulimba kwa bondi yeniyeniyo. M'mayankho onsewa, chilembo X chikuimira aliyense mwa ma halogen anayiwa.

Kodi electronegativity n'chiyani, nanga manambala ake adachokera kuti?

Ndi mphamvu imene atomu ili nayo yokokera kumbali yake maelekitironi awiri a mu bondi ya covalent. Atomu ikakhala payokha mphamvuyi siyesedwa. Imaonekera pokhapokha yagwirana ndi inzake.

Sikelo yomwe ili m'mabuku ambiri ndi ya Linus Pauling, ya mu 1932. Iye adaona kuti bondi ya maatomu awiri osiyana, A–B, imakonda kulimba kuposa momwe munthu angayembekezere akaona kulimba kwa A–A ndi B–B, ndipo kuchokera pa kulimba koonjezeraku adawerengera kuti maatomuwo akusiyana motani pa kakokedwe. Manambalawa amalembedwa opanda mayunitsi. Ofunika pano ndi awa: fulorini 3.98, okosijeni 3.44, kolorini 3.16, buromini 2.96, ayodini 2.66, kaboni 2.55, haidrojeni 2.20.

Mabuku a sekondale ambiri amalemba 4.0, 3.0, 2.8 ndi 2.5 pa ma halogen, 2.5 pa kaboni ndi 2.1 pa haidrojeni. Si kulakwitsa ayi, ndi manambala akale, a nthawi yomwe sikeloyi inali isanakonzedwenso. Pa mayeso tsatirani tebulo lomwe mwapatsidwa, ndipo musasakanize matebulo awiri mu funso limodzi.

Bondi ya C–X imakhala polar motani?

Taganizirani anthu awiri ofunda bulangete limodzi usiku wa mwezi wa June. Bulangetelo n'la onse, palibe amene walandidwa, koma wamphamvu walikokera kwake ndipo mnzakeyo phewa lili pamtunda. Maelekitironi awiri a mu C–Cl ali momwemo: akadali a maatomu onse awiri, koma nthawi yambiri amapezeka pafupi ndi kolorini. Kolorini amakhala ndi kachaji kochepa ka negative, kolembedwa δ−, ndipo kaboni amatsala ndi δ+.

Mukachotsera 2.55 wa kaboni mupeza 1.43 pa C–F, 0.61 pa C–Cl, 0.41 pa C–Br ndi 0.11 pa C–I. Bondi ya C–H, yomwe tonse timaiwerengera ngati yopanda polarity, ili ndi 0.35. Ndiye pa manambala okha, C–I ndi yosapendekera kuposa C–H. Mfundo imeneyi muisunge, tibwereranso.

Malire oti pansi pa 0.4 kapena 0.5 bondi si polar, ndipo pamwamba pa 1.7 ndi ionic, adaikidwa kuti athandize pophunzitsa. M'chilengedwe mulibe mzere wotere.

Ayodini ali ndi mapulotoni 53, fulorini 9 okha. Bwanji wokoka kwambiri ndi fulorini?

Chifukwa chofunika si kuchuluka kwa mapulotoni kokha, koma mphamvu imene ikufika pa maelekitironi a mu bondi. Mu fulorini maelekitironiwa ali mu shelo yachiwiri, ndipo pakati pawo ndi nucleus pali maelekitironi 2 okha otchinga. Mu ayodini ali mu shelo yachisanu, kuseri kwa maelekitironi 46. Mukachotsera, onse awiri amatsala ndi 7, koma mtunda ndi wosiyana kwambiri, ndipo kukoka kwa chaji kumafooka msanga mtunda ukamakula.

Ngati C–F ndiyo yopendekera kwambiri, bwanji dipole moment ya CH3Cl imaposa ya CH3F?

Funso ili ndi labwino ndipo limasokoneza ngakhale ophunzira a ku yunivesite. Dipole moment ndi chaji kuchulukitsa ndi mtunda womwe uli pakati pa δ+ ndi δ−. Imayesedwa mu debye, chilembo chake D, ndipo 1 D ndi 3.34 × 10⁻³⁰ C m. Zoyesedwa ndi izi: CH3F 1.85 D, CH3Cl 1.87 D, CH3Br 1.81 D, CH3I 1.62 D. Utali wa mabondi, mu ma picometre (1 pm ndi 10⁻¹² m), ndi pafupifupi 139 pm pa C–F, 178 pm pa C–Cl, 193 pm pa C–Br ndi 214 pm pa C–I.

Tiwerengere limodzi. Elekitironi yathunthu itatalikirana ndi chaji ya positive ndi 100 pm imapereka 4.80 D. Kolorini akadatenga elekitironi yonse, CH3Cl akadakhala ndi 4.80 × 1.78, yomwe ndi 8.5 D. Choyesedwa ndi 1.87, ndiye kuti chaji yomwe yasuntha ndi pafupifupi 0.22 ya elekitironi. Pa CH3F: 4.80 × 1.39 ndi 6.7 D, ndipo 1.85 kugawa ndi 6.7 ndi pafupifupi 0.28. Fulorini wakokadi chaji yambiri, koma bondi yake ndi yaifupi, ndipo kufupikako kwadya phindu lonse.

Kuwerengera uku n'kongoyerekeza chabe, chifukwa mabondi atatu a C–H ndi ma lone pair a halogen (maelekitironi ake awiriawiri omwe sali mu bondi) nawonso amaonjezera pa dipole ya molekyulu yonse. Ndi chifukwa chimodzi chomwe CH3I alili ndi 1.62 D pomwe kusiyana kwa electronegativity kuli 0.11 basi.

Nanga CCl4, wokhala ndi mabondi anayi a polar, akhala bwanji wopanda polarity?

Dipole ili ndi kukula, ilinso ndi kumene yaloza. Mu CCl4 makolorini anayi akhala pa ngodya zinayi za tetrahedron, motalikirana madigiri 109.5, ndipo kukoka kwa atatu aliwonse kukaphatikizidwa kumafanana ndendende ndi kwa wachinayi, koma moyang'ana kwina. Zonse zimafafanizana, patsala 0 D.

Onani mzere wonse: CH3Cl 1.87, CH2Cl2 1.60, CHCl3 1.04, CCl4 0. Kolorini akamachuluka, polarity ya molekyulu ikutsika, osati kukwera.

Chitsanzo china chokoma ndi 1,2-dichloroethene. Mu cis, makolorini onse ali mbali imodzi ya bondi ya C=C, dipole ndi 1.9 D ndipo amawira pa 60 °C. Mu trans ali mbali zosiyana, dipole ndi 0 ndipo amawira pa 48 °C. Maatomu ndi omwewo, kulemera n'komweko, chasiyana ndi kakhalidwe kokha. Choncho musanayankhe ngati molekyulu ili polar, jambulani kaye mawonekedwe ake enieni. Chojambula chafulati cha CH2Cl2, chokhala ndi kolorini kumanja ndi kumanzere, chanamiza ophunzira ambiri kuti ma dipole afafanizana. Mu tetrahedron mulibe ngodya ziwiri zoyang'anizana molunjika.

Ndi haloalkane uti amachita reaction msanga ndi hydroxide kapena madzi?

Wa ayodini, kenako wa buromini, kenako wa kolorini. Wa fulorini pafupifupi sasunthika n'komwe. Mndandandawu ndi wotembenuka poyerekeza ndi wa polarity, ndipo apa ndi pamene pagona mutu wonsewu.

Polarity imatiuza malo amene nucleophile, ayoni kapena molekyulu yobwera ndi maelekitironi awiri oti ipangire bondi yatsopano, idzafikire. Ayoni ya OH⁻, ya CN⁻ kapena molekyulu ya amoniya, yokhala ndi lone pair, imalunjika pa kaboni wa δ+, kudzera kumbuyo, mbali yotalikirana ndi halogen. Koma kufika si kugwetsa. Kuti reaction ichitike, bondi ya C–X iyenera kuthyoka, ndipo mphamvu yofunika ndi pafupifupi 467 kJ/mol pa C–F, 346 pa C–Cl, 290 pa C–Br ndi 228 pa C–I. Mabuku amasiyana ndi 10 kapena 20 pa manambalawa, koma ndondomeko yake sisintha.

C–F imalimba pa zifukwa ziwiri. Maatomu onse ndi aang'ono, a mu period yachiwiri, choncho ma orbital awo amalowerana bwino. Chachiwiri ndi polarity yomweyo: δ+ ndi δ− zazikulu zoyandikana zimakokana, n'kuonjezera kulimba. Polarity ya C–F, yomwe wophunzira amaiona ngati khomo lotsegula, ndiyo loko wake.

Palinso nkhani ya wotulukayo. Halogen amachoka ndi maelekitironi onse awiri ngati ayoni ya X⁻, ndipo ayoni yomwe imakhazikika bwino payokha ndiyo imachoka mosavuta. Njira yachidule yodziwira ndi kuona asidi wake ndi pKa yake, nambala yomwe imatsika asidi akamakula mphamvu. HI ndi asidi wamphamvu kwambiri, pKa yake pafupifupi −10, HBr pafupifupi −9, HCl pafupifupi −7, pomwe HF ndi wofooka, pKa 3.2. Ayoni ya I⁻ ndi yaikulu, chaji yake yamwazikana, ilibe changu chobwerera. Ya F⁻ ndi yaing'ono, chaji yaunjikana, imakakamira pomwe ili.

Pa mayeso, yankho loti "iodoalkane amafulumira chifukwa bondi yake ndi polar kwambiri" n'lolakwa kawiri. Lembani kuti bondi ya C–I ndiyo yofooka, imafuna mphamvu yochepa kuti ithyoke.

Tingazione bwanji zimenezi mu labotale ya pasukulu?

Mufunika machubu 6 oyera, bika wa 250 cm³, thermometer, wotchi, ethanol, silver nitrate wa 0.1 mol/dm³, ndi 1-chlorobutane, 1-bromobutane ndi 1-iodobutane.

M'machubu atatu thirani 1 cm³ ya ethanol, kenako madontho 3 a haloalkane mmodzi m'chubu chilichonse, dropper yakeyake. M'machubu atatu otsalawo thirani 1 cm³ ya silver nitrate. Imikani onse 6 mu bika wa madzi a 60 °C kwa mphindi 5 kuti atenthe mofanana. Kenako khuthulirani silver nitrate m'chubu cha haloalkane, gwedezani, bwezerani mu bika ndi kuyamba kuwerenga nthawi. Kuseri kwa bika ikani pepala lakuda. Chifunga choyamba chimaoneka bwino pamenepo.

Chubu cha ayodini chimachita chikasu posachedwa, kawirikawiri mphindi imodzi isanathe. Cha buromini chimatsatira patapita mphindi zingapo, ndi mtundu wotuwira ngati mkaka wa chambiko. Cha kolorini chimachedwa kwambiri ndi utoto wake woyera, ndipo nthawi zina belu limalira chisanaonetse kanthu. Kuchedwako ndiye zotsatira zake, musazitaye.

Chomwe chikuchitika ndi ichi. Madzi a mu silver nitrate ndiwo nucleophile: R–X + H2O → R–OH + H⁺ + X⁻, pomwe R akuimira mafupa a kaboni ndi haidrojeni a molekyuluyo. Ayoni ya X⁻ ikangomasuka, Ag⁺ amaigwira n'kupanga AgX yosasungunuka. Halogen amene akadali womangika pa kaboni sapanga kanthu ndi Ag⁺, choncho nthawi yomwe mwawerenga ndi ya kuthyoka kwa bondi. Ethanol alipo chifukwa haloalkane sasakanikirana ndi madzi. Popanda iye mukhala ndi magawo awiri ndipo reaction ichitikira pamalire pokha.

Chimalakwika n'chiyani pa experiment imeneyi?

Machubu onse akachita chifunga choyera nthawi yomweyo, m'madzi mwanu munali chloride. Madzi a pampopi ndi a pamjigo amakhala naye, choncho tsukuluzani machubu ndi madzi a distilled, ndipo silver nitrate musungunulire m'madzi omwewo.

Ngati munayamba mwawiritsa haloalkane ndi sodium hydroxide, monga mabuku ena amalangizira, mukathira silver nitrate mudzapeza matope abulawuni. Ameneyo ndi silver oxide, wochokera ku hydroxide wotsala. Thirani kaye nitric acid wosungunula mpaka litmus wabuluu afiire. Hydrochloric acid ayi, chifukwa abweretsa chloride wake.

Madzi akatentha kupitirira 70 °C, ethanol ndi 1-chlorobutane, omwe onse amawira pa 78 °C, amayamba kuuluka, ndipo chubu chochedwa kale chija chimatsala chopanda kanthu. Wiritsani madzi mu ketulo, zimitsani moto, kenako tulutsani ethanol. Nthunzi yake imayaka msanga.

1-iodobutane wokhalitsa amasanduka wabulawuni kapena wofiirira, chifukwa kuwala kumathyola bondi yofooka ya C–I n'kutulutsa ayodini. Botolo lotere limasokoneza mtundu ndi nthawi yomwe. AgCl ndi AgBr nawonso amada akakhala padzuwa, choncho lembani mtundu nthawi yomweyo. Mukakayika pakati pa woyera ndi wotuwira, amoniya ndiye amaweruza: AgCl amasungunuka mu amoniya wosungunula, AgBr mu amoniya wamphamvu yekha, AgI sasungunuka konse. Silver nitrate amadetsa khungu kwa masiku angapo ndipo amaononga maso. Magalasi oteteza asachoke kumaso.

Ndipo poyerekeza ma halogen, mafupa a kaboni akhale ofanana. 2-bromo-2-methylpropane amapereka chifunga pafupifupi nthawi yomweyo, kuposa 1-bromobutane kutalitali, ngakhale onse ndi C4H9Br. Woyambayo amadzera njira ya SN1, momwe buromini amachoka yekha n'kusiya carbocation, kaboni wa chaji ya positive, yokhazikika. Mukamusakaniza m'gulu la oyamba aja, mukuyesa zinthu ziwiri nthawi imodzi.

Ngati C–I ili pafupifupi yopanda polarity, nucleophile imakopeka ndi chiyani?

Mtambo wa maelekitironi a ayodini ndi waukulu ndi wofewa, chifukwa uli kutali ndi nucleus. Ayoni ya negative ikayandikira kaboni, imakankhira maelekitironi a mu bondi kwa ayodini, ndipo δ+ yomwe kunalibe imabadwa pomwepo. Khalidweli limatchedwa polarizability, ndipo limakula kuchokera pa fulorini kutsikira pa ayodini. Tebulo la electronegativity limafotokoza molekyulu ili phee. Silinena momwe ingapindikire ikafikiridwa.

Bwanji CH3I amawira pa kutentha kwakukulu kuposa CH3F?

CH3F amawira pa −78 °C, CH3Cl pa −24 °C, CH3Br pa 4 °C, CH3I pa 42 °C. Ma dipole awo taona kuti ngoyandikana, choncho kusiyana kwa madigiri 120 sikungachokere kumeneko. Kukuchokera ku mphamvu za London, zomwe zimakula maelekitironi akachuluka: CH3F ali nawo 18, CH3I 62. Umboni wina ndi CCl4, wopanda dipole, yemwe amawira pa 77 °C, pamwamba pa CHCl3 wa 61 °C ndi CH2Cl2 wa 40 °C. Dipole imalamula pokhapokha mamolekyulu ali ofanana kukula, ngati cis ndi trans aja.

Popeza ali polar, bwanji sasungunuka m'madzi?

Mamolekyulu a madzi agwirana ndi ma hydrogen bond. Kuti mlendo alowe pakati pawo, ena mwa mabondiwa ayenera kuthyoka, ndipo mlendoyo abweze mphamvu yotayikayo popanga ena atsopano. Haloalkane alibe haidrojeni womangika pa O, N kapena F woti apereke, ndipo halogen womangika pa kaboni, ngakhale fulorini amene, salandira bwino hydrogen bond. Dichloromethane (CH2Cl2) amasungunuka magalamu osakwana 20 pa lita, chloroform (CHCl3) pafupifupi 8, CCl4 osakwana 1.

Mu separating funnel nkhaniyi ili ndi msampha. Ambiri adazolowera kuti zamafuta zimayandama. Koma dichloromethane amalemera 1.33 g/cm³, chloroform 1.49, 1-bromobutane 1.27, choncho amakhala pansi pa madzi, pomwe 1-chlorobutane wa 0.89 amayandama. Ndiponso gawo la madzi likakhala ndi asidi kapena mchere wambiri limalemera, magawo n'kusinthana malo. Musadalire kukumbukira. Tengani madontho pang'ono a gawo lapansi, dontheterani m'chubu cha madzi: akasakanikirana, gawolo ndi la madzi, akakhala timipira pansi, ndi haloalkane. Musataye gawo lililonse ntchito isanathe. Dichloromethane, powira pa 40 °C, amadzaza funnel ndi nthunzi mukamagwedeza, makamaka masana a mu October; tembenuzani n'kutsegula tap pafupipafupi, mutaloza kopanda munthu.

Kodi kukoka kwa halogen kumathera pa kaboni woyamba?

Ayi. Kaboni wa δ+ naye amakoka kwa mnansi wake, ndipo kukokaku kumayenda m'mabondi, kukucheperachepera. Ndiyo inductive effect, ndipo imayesedwa bwino ndi mphamvu ya maasidi. Ethanoic acid, wa mu viniga, ali ndi pKa 4.76. Mukaika kolorini mmodzi pa kaboni woyandikana ndi COOH, pKa imatsikira pa 2.86, awiri, pafupifupi 1.3, atatu, pafupifupi 0.7. Kutsika kwa 1 pa pKa ndiko kukula kwa mphamvu ka 10, choncho kolorini mmodzi yekha wakuza asidi pafupifupi ka 80. Amachita izi pokokera kwake gawo la chaji ya negative ya pa COO⁻, ayoniyo n'kukhazikika.

Pano ndondomeko imatsatadi electronegativity: fluoroethanoic acid 2.6, chloroethanoic 2.86, bromoethanoic 2.9, iodoethanoic pafupifupi 3.2. Palibe bondi ya C–X yomwe ikuthyoka, ndiye kulimba kwake kulibe mawu.

Mtunda umadya mphamvuyi msanga. Butanoic acid ali ndi 4.82. Kolorini pa kaboni wachiwiri amapereka 2.86, pa wachitatu 4.05, pa wachinayi 4.52.

Mu chloroform, makolorini atatu amamusiya haidrojeni mmodzi uja ali δ+ ndithu, moti amatha kugwirana ndi okosijeni wa acetone. Mukasakaniza awiriwa m'chubu, chimafunda m'manja.

Bwanji chlorobenzene sachita kanthu ndi silver nitrate?

Kolorini wake wamangika pa kaboni wa sp² (wogwirana ndi maatomu atatu, pomwe wa sp³ amagwirana ndi anayi), wa mu mkombero wa benzene. Lone pair imodzi ya kolorini imalowerana ndi maelekitironi a pi a mu mkomberowo, bondi n'kufupika kufika pafupifupi 174 pm ndi kulimbirapo. Kaboni wa sp² amakokanso maelekitironi kuposa wa sp³, choncho polarity imachepa: chloroethane ali ndi 2.05 D, chlorobenzene pafupifupi 1.7, chloroethene 1.45. Kuonjezera apo, mkomberowo watseka njira ya kumbuyo yomwe nucleophile imadzera. Kusandutsa chlorobenzene kukhala phenol ndi sodium hydroxide kumafuna kutentha kopitirira 300 °C ndi pressure yaikulu.

Kolorini wotereyu, wokhala pa mkombero, timakumana naye m'chipatala. Chloroquine ali naye mmodzi. Lumefantrine, mmodzi mwa mankhwala awiri a mu LA, ali nawo atatu, ndipo molekyulu yake yaikuluyo sisungunuka m'madzi. N'chifukwa chake odwala malungo amauzidwa kumwa LA atadya chakudya cha mafuta pang'ono kapena mkaka. Dolutegravir, wa m'ma ARV a masiku ano, ali ndi mafulorini awiri pa mkombero. Opanga mankhwala amakonda kuika fulorini pamalo pomwe ma enzyme a m'chiwindi akadaphwanyira molekyulu, chifukwa C–F sithyoka wamba. DDT naye, yemwe Paul Müller adatulukira mphamvu yake yopha tizilombo mu 1939, amakhalitsa m'nthaka ndi kuunjikana m'mafuta a nyama chifukwa cha kusasungunuka m'madzi ndi kusaphwanyika msanga komweku.

Kodi kaboni wa δ+ angasanduke δ−?

Inde, ndipo iyi ndi imodzi mwa njira zokongola kwambiri mu organic chemistry. Victor Grignard adaonetsa mu 1900 kuti magnesium amalowa pakati pa kaboni ndi halogen: R–Br + Mg → R–MgBr. Electronegativity ya magnesium ndi 1.31, kutali pansi pa 2.55, choncho tsopano wokoka ndi kaboni. Yemwe ankafikiridwa ndi ma nucleophile wasanduka nucleophile, ndipo amagwira kaboni wa δ+ wa mu aldehyde, ketone kapena CO2, n'kupanga bondi yatsopano ya C–C. Grignard adalandira mphoto ya Nobel mu 1912.

Chomwe chimalepheretsa reaction iyi kawirikawiri ndi chinyezi. Kaboni wa δ− amalanda H⁺ ku madzi pompopompo, R–MgBr n'kusanduka alkane wamba. Magalasi aumitsidwe mu uvuni, ether akhale wouma, pakamwa pa condenser pakhale chubu cha calcium chloride. Magnesium amakhala ndi kakhungu ka oxide. Kanjere kamodzi ka ayodini kamatsegula pamwamba pake, ndipo mtundu wabulawuni ukazimirira, madziwo n'kuyamba kutuwa ndi kuwira okha, reaction yayamba. Isanayambe musathire haloalkane yense, chifukwa ikadzayamba idzawira mwakamodzi, ndipo ether amayaka moopsa. Apanso a ayodini ndi buromini amayamba mosavuta, a kolorini amavutirapo, a fulorini amakana.

Nanga ma CFC (magasi a kaboni, kolorini ndi fulorini) ndi methyl bromide (CH3Br) adaononga bwanji ozone, ngati mabondi awo ali olimba?

Kulimbako ndiko kudabweretsa vuto. CCl2F2, yemwe Thomas Midgley ndi anzake adamubweretsa m'mafiriji cha m'ma 1930, sayaka, sasungunuka m'mvula, ndipo palibe chomuphwanya mu mpweya wa pansi pano. Amakhala zaka zambiri mpaka kufika mu stratosphere, komwe kuwala kwa ultraviolet kumathyola bondi yofookerapo, ya C–Cl, kusiya C–F ili chilili.

Kathyokedwe kake n'kosiyana ndi ka mu chubu chija. Kuno atomu iliyonse imatenga elekitironi imodzi, n'kutuluka radical, Cl•, osati ayoni. Kenako Cl• + O3 → ClO• + O2, ndipo ClO• + O → Cl• + O2. Kolorini wabwerera momwe analili, ndipo atomu imodzi imaphwanya mamolekyulu a ozone masauzande ambirimbiri. Mario Molina ndi Sherwood Rowland adalongosola zimenezi mu 1974, ndipo pangano la Montreal lidasainidwa mu 1987. R-134a, yemwe adalowa m'malo, alibe kolorini choncho sakhudza ozone, koma mabondi ake a C–F amasunga kutentha kwa dziko, ndipo kusintha kwa panganoli komwe kudachitikira ku Kigali mu 2016 kukuchepetsanso magasi a mtundu wake. Mafiriji ambiri atsopano ali ndi R-600a, isobutane, wopanda halogen koma woyaka. Amisiri a mafiriji aziwerenga chizindikiro cha pa compressor asanayatse moto wowotcherera.

Methyl bromide alimi a fodya akale amamukumbuka. Ankafukizidwa pansi pa pulasitiki m'manazale kuti aphe manematodi, nkhungu ndi njere za udzu. Powira pa 4 °C, amalowa m'nthaka ngati mpweya, ndipo kupha kwake n'komwe tafotokoza kale: kaboni wa δ+ wopanda chomutchinga ndi bondi yofooka ya C–Br, moti magulu a sulfure ndi naitrojeni a m'mapuloteni a chamoyo amamugwira mosavuta. Munthu naye samusiya. Buromini, atomu ndi atomu, amaononga ozone kuposa kolorini maulendo makumi angapo, ndipo Malawi adasiya mankhwalawa m'manazale a fodya m'zaka zoyambirira za m'ma 2000.

Pali njira yachangu yodziwira ngati pulasitiki kapena madzi ena ali ndi halogen?

Ilipo, ya Beilstein. Tengani waya wa kopa wosenda bwino, pindani kansonga, muutenthe pa lawi la buluu la Bunsen mpaka lawilo lisiye kusintha mtundu. Khudzitsani pa chinthu chomwe mukuyesa, kachidutswa kochepa ngati njere ya mapira kakwana, n'kubwezera pa lawi. Mwaye ukatha, lawi lobiriwira likusonyeza kolorini, buromini kapena ayodini, chifukwa copper halide yomwe yapangika imauluka n'kupaka lawilo. Paipi ya PVC ndi chikopa cha waya wamagetsi wambiri zimabiriwiritsa. Jumbo ya polythene ndi botolo la PET ayi.

Njirayi ili ndi malire atatu. Siona fulorini, chifukwa copper fluoride siuluka pa kutentha kumeneko, choncho PTFE wa pa mapoto osamata saonetsa kanthu, ndipo utsi wake ndi woipa, musamuyese n'komwe. Siisiyanitsa ma halogen atatuwo. Ndipo thukuta la m'zala lili ndi chloride wokwanira kunamiza, choncho nsonga ya waya igwiridwe ndi pulayala. Chitirani mu fume cupboard kapena panja pa mphepo, chifukwa PVC akapsa amatulutsa hydrogen chloride, ndipo pamoto wofuka wa padzala amathanso kupanga ma dioxin. Zotsala za ma haloalkane mu labotale zisungidwe mu botolo lawolawo lolembedwa bwino, osazithira mu sinki kapena kuzisakaniza ndi acetone ndi sodium hydroxide, popeza chloroform akakumana ndi awiriwa amatentha mwadzidzidzi mpaka kuphulitsa botolo.